Dzina m'Kaundula: Ana a Machona ku Bulawayo ndi Ufulu Wosankha Atsogoleri

Munthu wochoka pakati pa mzinda wa Bulawayo kuloŵera kumadzulo pa mseu wa Khami amapyola pa malo a mafakitale otchedwa Kelvin. Kumeneko sikudamangidwe kuti anthu azigonako. Kuli mipanda ndi zipata, nyumba zosungiramo katundu ndi mosulira zitsulo. Ogwira ntchito m'menemo amalaŵirira m'mamaŵa kuchokera m'malokeshoni a kumadzulo kwa mzindawo, monga Mpopoma, Matshobana, Sizinda, Tshabalala ndi Nkulumane. Wofunsa maina a eni nyumba m'malokeshoni amenewo sayenda mtunda wautali asanapeze a Banda, a Phiri, a Mwale kapena a Chirwa pakati pa a Ndlovu, a Moyo ndi a Ncube. Ochuluka a iwo adabadwira komweko, Chindebele chimaŵatuluka m'kamwa mosavuta kupambana Chicheŵa, ndipo za nyanja ya Malaŵi adangomva kwa agogo ao. Iwoŵa ndiwo ana ndi adzukulu a machona, amuna aja adachoka ku Nyasaland kukafuna ntchito ndi kukhaliratu komweko.

Boma lirilonse limene lidalamulira dziko la pakati pa Zambezi ndi Limpopo lidali ndi makaundula olembamo anthu: wina wa ntchito, wina wa msonkho, wina wa nyumba, ndi wina wa oyenera kuponya voti. M'kaundula wa ntchito ndi wa msonkho dzina la munthu wa ku Nyasaland linkaloŵa atangooloka malire. Kuti aponye nao voti adadikira zaka zoposa 70, ndipo pambuyo pake dzina lake lidafafanizidwanso pamene eni ulamuliro adayamba kukayika za kumene voti yake idzagwera.

Kaundula wa ntchito

Njanji idafika ku Bulawayo mu 1897, nkhondo ya Amandebele ndi kampani ya Cecil Rhodes itangotha kumene, ndipo likulu la njanji za dziko lonselo lidakhazikika mumzindamo. Migodi ya golide ndi ya malasha idafuna manja ambiri. Eni dziko ankagwira miyezi yoŵerengeka ndi kubwerera ku minda ndi ng'ombe zao, pakuti malipiro adali ochepa ndipo imfa m'makomboni a migodi zidali zambiri. Tsono mu 1903 eni migodi ndi boma adakhazikitsa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, ndipo kalembedwe kake anthu adakatcha chibalo. Ku Nyasaland msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, pamene ntchito ya malipiro abwino kudalibe, ndipo m'maesiteti a Azungu mudali thangata. Motero amuna adauyamba ulendo wapansi, ena kudzera ku Tete, ena ku Fort Jameson, kukaoloka Zambezi ndi kugona m'tchire milungu ingapo.

Komiti imene boma la Nyasaland lidasankha mu 1935 kuti ifufuze za kutha kwa amuna m'midzi idapeza kuti pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko. Chaka chotsatira maboma atatu a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia adachita pangano la m'mene azigaŵanira antchito, ndipo mapangano ena adatsatira. Munthu ankayenera kukhala ndi chitupa chomuzindikiritsa, gawo la malipiro ake linkatumizidwa kwao, ndipo pakapita nyengo ankayembekezeka kubwerera. Boma la Southern Rhodesia lidaika malole onyamula anthu osalipira, aja akuluakulu amaŵakumbukira ndi dzina loti Ulere, ndipo mu 1946 lidakhazikitsa bungwe lina lolemba antchito limene ku Malaŵi lidatchuka kuti Mthandizi. M'makonzedwe onseŵa boma lidamuyesa munthuyo mlendo wa pamwambi uja wofanizidwa ndi mame, amene dzuŵa likakwera sakhalira kukamuka. Koma mlendo uyu adakwatira, adabala ana, adaika maliro, ndipo dzuŵa lidakwera iye ali pomwepo.

Lamulo logaŵa dziko la 1930, lotchedwa Land Apportionment Act, lidapereka pafupifupi theka la nthaka kwa Azungu, ndipo mizinda yonse idagwera m'chigawo chao. Munthu wakuda ankaloledwa mumzinda ngati wantchito chabe. Lamulo lina la 1946 lidamangiriza nyumba ya m'lokeshoni ku ntchito, kotero kuti wochotsedwa ntchito ankachotsedwanso m'nyumba. Mndebele kapena Mshona akakalamba adali ndi kwao kumudzi kumene mfumu inkamdziŵa. Wa ku Nyasaland adalibe gawo m'minda imene idapatulidwira anthu akuda, pakuti chitupa chake chinkanena kuti ndi wakunja. Ichi ndicho chifukwa chake machona adaumirira m'makomboni a njanji, a migodi ndi a mafamu kufikira imfa, ndipo ana ao adakhala anthu a mumzinda enieni kale eni dziko ambiri asanasiyane ndi midzi yao.

Lamulo la chisankho la Southern Rhodesia silinkatchula khungu la munthu. Linkatchula chuma ndi maphunziro, ndipo zimenezo zinkakwanira kutsekereza anthu akuda pafupifupi onse. Mu 1951 wofuna kulembetsa ankayenera kulandira mapaundi 240 pa chaka, kapena kukhala ndi katundu wa mapaundi 500, ndiponso kudziŵa kulemba Chingerezi. Wa ku Nyasaland adali ndi chopinga chinanso: iye sadali nzika ya Britain monga obadwira ku Southern Rhodesia, koma munthu wongotetezedwa ndi Britain, ndipo voti idali ya nzika zokha. M'malokeshoni a Bulawayo mudali makomiti olangiza khonsolo ya mzinda, koma khonsoloyo idali ya Azungu okhaokha, ndipo uphungu unkamveka pokhapokha ukaŵakomera. Gawo lalikulu la ndalama zotukulira malokeshoni linkachokera m'phindu la moŵa umene khonsolo yomweyo inkagulitsa kwa anthu akuda.

Kumene machona adaphunzirira kusankha atsogoleri ndi kusunga mabuku kudali kwina. Adakhazikitsa mabungwe othandizana pa maliro, a anthu ochokera dera limodzi, okhala ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo wosunga ndalama ankayenera kufotokoza m'mene zayendera pamaso pa onse. Mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok, amene adayamba nao ntchito ya ku Mvera ndi ku Nkhoma, adasamukira ku Salisbury kukaŵeta Akhristu a ku Nyasaland obalalika m'migodi ndi m'mafamu, ndipo ntchito imeneyo idakula kufikira idakhala Sinodi payokha mu 1965. M'mipingo imeneyo munthu amene boma linkamuŵerenga ndi nambala ya chitupa ankakhala mkulu wa mpingo, nakhala m'bwalo loweruza nkhani ndi kutumidwa ku misonkhano. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati adasunga maina ndi masiku obadwa a ana ambiri amene boma silidaŵalembe konse.

Mau a antchito ndi ndende ya Khami

Munthu wopanda voti amalankhula ndi manja ake, poŵaletsa kugwira ntchito. Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, adagwirapo ntchito m'migodi ya Southern Rhodesia asanakayambitse bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mu 1927 adatuma mnzake wa ku Nyasaland, Robert Sambo, kuti akadzale bungwelo ku Bulawayo. Boma silidavutike naye. Popeza adali wakunja, lidangomtulutsa m'dziko chaka chomwecho, popanda mlandu wozengedwa pabwalo. Ntchitoyo idagwera m'manja mwa Masotsha Ndlovu, mbadwa ya Matabeleland, amene sakadatheka kupirikitsidwa chotero. Chaka chomwecho cha 1927 antchito a mgodi wa Shamva, ambiri a iwo a ku Nyasaland, adanyanyala ntchito, ndipo atsogoleri ao adatulutsidwanso m'dziko. Chida chimenechi, chomtcha wotsutsa kuti ndi mlendo, atsamunda adachisula, ndipo sichidachite dzimbiri iwo atachoka.

Lamulo la 1934 la mikangano ya pantchito lidaŵachotseratu anthu akuda m'tanthauzo la mau oti wantchito, kotero kuti mabungwe ao sankadziŵika ndi boma. Komabe mu Okutobala 1945 antchito a njanji ku Bulawayo adaleka ntchito, ndipo kunyanyalako kudatsata njanji mpaka kuoloka Zambezi kuloŵa m'Northern Rhodesia. M'makomboni a njanji mudali Amandebele, Amashona, Alozi, Atonga ndi Anyanja, ndipo boma lidadabwa kuona kuti mitundu imene linkaiyesa yosagwirizana idaima pamodzi kufikira lidasankha komiti yofufuza madandaulo ao. Mu Epulo 1948 khamu losonkhana pa Stanley Square ku Makokoba lidagamula zoti ntchito zonse ziime, atsogoleri ena akadali kulangiza kuti anthu aleze mtima, ndipo kunyanyalako kudafalikira m'mizinda ina. Benjamin Burombo adatchuka m'masiku amenewo, ndipo Joshua Nkomo adayambira ntchito yake ya utsogoleri m'bungwe la antchito a njanji a Bulawayo omwewo.

Chitaganya cha 1953 chidamanga maiko atatu m'mtolo umodzi anthu akuda akukana. Ngakhale malire adafeŵa, wa ku Nyasaland wovutitsa ankabwezedwabe kwao. Dunduzu Chisiza wa ku Karonga adathandiza kukhazikitsa bungwe la achinyamata la City Youth League ku Salisbury mu 1955, pamodzi ndi James Chikerema ndi George Nyandoro, ndipo mu 1956 adatulutsidwa m'dziko. Pa 26 Febuluwale 1959 boma la Southern Rhodesia lidalengeza kuti zinthu zafika poopsa, lidaletsa zipani za Kongeresi ndi kumanga mazana a anthu, pamodzi ndi a nthambi za Nyasaland African Congress za m'mizinda yake. Pa 3 Malichi boma la Nyasaland lidachita chimodzimodzi. Dr Kamuzu Banda adatengedwa pa ndege kukatsekeredwa ku Gwelo, ndipo ophunzira ambiri a Kongeresi, monga Orton Chirwa ndi David Rubadiri, adakatsekeredwa ku ndende ya Khami, kumadzulo kwa Bulawayo kupitirira Kelvin.

Mwa omangidwa m'chaka chimenecho mudali mnyamata wina wosakwana zaka 20, Aleke Banda, mwana wa wantchito wa ku Nyasaland. Iyeyu adabadwira ku Livingstone, adakulira pa mgodi wina pafupi ndi Que Que, adaphunzira ku Inyati kufupi ndi Bulawayo, ndipo adali mlembi wa nthambi ya Kongeresi. Atamasulidwa adatumizidwa ku Nyasaland, dziko limene sadakuliremo, chifukwa kaundula ankati ndiko kwao. Kumeneko iye ndi Orton Chirwa adakhazikitsa Malawi Congress Party pa 30 Sepitembala 1959. Amene adampirikitsa adaganiza kuti achotsa munga, osadziŵa kuti apereka mlembi kwa chipani chimene chidzagwetse Chitaganya chao.

Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo Malaŵi adalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Otsala ku Bulawayo adakondwera nao, koma ufuluwo udaŵasandutsa alendo kotheratu m'dziko limene Ian Smith adaligaŵanitsa ndi Britain pa 11 Novembala 1965. Pa zaka za nkhondo imene idatsatira adali pakati pa moto uŵiri. Boma la Malaŵi linkasunga ubale ndi maboma a Azungu a kumwera, ndipo antchito a m'mafamu a Azungu ankakayikiridwa ndi omenya nkhondo, chonsecho ana ena a machona adaloŵa nao m'magulu ankhondowo.

Kuloŵa ndi kufafanizidwa

Pa chisankho cha Febuluwale 1980 padalibe kaundula wa oponya voti wa anthu akuda. Munthu ankafika pa malo oponyera, naviika zala m'mankhwala ooneka pa nyali yapadera kuti asabwerezenso, naponya. Ana a machona adaima pa mzere umodzi ndi anansi ao. Pa mipando 80 ya anthu akuda chipani cha Robert Mugabe chidapata 57, cha Joshua Nkomo 20, ndipo cha Bishopu Abel Muzorewa 3. Nkoyenera kusunga mumtima kuti chisankho chimene anthu ameneŵa adaponya nao mosavutika kopambana ndi chija chidalibe kaundula. Malamulo aakulu a dziko amene adapanganidwa ku Lancaster House ankalola munthu kukhala nzika ya maiko aŵiri, ndipo ambiri obadwira m'dzikomo adaŵerengedwa nzika chibadwire.

Chilolezo chimenecho chidachotsedwa mu 1983, ndipo lamulo la unzika la 1984 lidalamula kuti aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina aukane pamaso pa akuluakulu a boma la Zimbabwe chisanathe chaka cha 1985. Boma linkayang'ana makamaka Azungu osunga mapasipoti a Britain ndi a South Africa, ndipo nkhaŵa yake idali yomveka m'masiku amene boma la tsankho la ku Pretoria linkatuma anthu kudzaononga zinthu m'Zimbabwe. Antchito ambiri a m'makomboni sadamve nkomwe za lamulolo. Komabe chitseko china chidatsala chotsekuka, pakuti malamulo aakulu ankalola okhazikika m'dziko kuchokera kumapeto a 1985 kuponya voti ngakhale asali nzika. Pa zaka 15 zotsatira palibe amene adafunsa kwambiri za makolo a oponya voti, popeza mavoti ankagwera kumene olamula ankafuna.

Zaka zimenezo zidali zoŵaŵa ku Matabeleland pa zifukwa zina. Kuyambira 1983 asilikali a gulu la Fifth Brigade adapha anthu zikwizikwi m'midzi, ndipo mtendere udadza ndi pangano la Mugabe ndi Nkomo la pa 22 Disembala 1987. Ambiri ophedwawo sadalembedwe m'kaundula wa imfa, kotero ana ao adalephera kutenga zikalata za kubadwa, ndipo adadzakumana ndi ana a machona pa mizere ya m'maofesi a kalembera. Kenaka ndondomeko ya chuma ya ESAP, yoyamba mu 1991, idatsekulira katundu wakunja, chilala cha 1992 chidaumitsa madamu a mzindawo, ndipo mafakitale a nsalu, a zovala ndi a zitsulo a ku Belmont, Donnington ndi Kelvin adayamba kuchepetsa antchito. Mkwiyo wa anthu a m'mizinda udasonkhana m'bungwe la antchito la ZCTU, ndipo m'menemo mudatuluka chipani cha MDC mu 1999.

Mu Febuluwale 2000 boma lidagonja pa riferendamu ya malamulo aakulu atsopano, okana atapata pafupifupi 55 pa 100 aliwonse. Mu Juni chaka chomwecho MDC idatenga mipando 57 pa mipando 120 yopikisanirana, kuphatikizapo yonse ya Bulawayo. Olamula adafuna woti amloze chala, ndipo adampeza mwa eni mafamu Achizungu, antchito ao oposa 300,000, amene ambiri adali a makolo a ku Malaŵi, Mozambique ndi Zambia, ndi anthu a m'malokeshoni. M'nyengo imeneyo Mugabe adanyoza okhala ku Mbare mu Harare kuti ndi anthu opanda mfunda, ndipo aliyense adadziŵa amene ankanenedwa. Mauwo ndi odabwitsa kwa wodziŵa Achewa ndi Atonga, pakuti Phiri ndi Banda ndi mifunda imene idalipo Azungu asanalembe malire alionse. Chimene anthuŵa adalibe ndi mudzi ndi mfumu m'kati mwa Zimbabwe, ndipo adaŵamana zimenezo ndi malamulo a atsamunda aja.

Kumapeto kwa 2000 bwalo lalikulu la apilo lidagamula kuti kukana unzika wakunja pa chikalata cha boma la Zimbabwe nkokwanira. Boma lidayankha posintha lamulo. Kuyambira pa 6 Julayi 2001 munthu adapatsidwa miyezi 6 kuti akane unzika winawo motsata malamulo a dziko linalo, ndi kubweretsa umboni, apo ai pofika pa 6 Januwale 2002 adzakhala ataluza unzika wa Zimbabwe. Chisankho cha pulezidenti chidali mu Malichi. Mkulu wa kalembera, Tobaiwa Mudede, amene ankasunga kaundula wa nzika ndi wa oponya voti yemwe, adalitanthauzira lamulolo mokulitsa. Kwa iye ngakhale munthu amene sadakhalepo nzika ya dziko lina, koma kholo lake lidabadwira kunja, ankayenera kukana unzika umene akadatha kuupempha. Oweruza ena a bwalo lalikulu adatsutsa tanthauzo limeneli, koma pa zenera la ofesi mau a mlembi ndiwo ankagwira ntchito.

Apa ndi pamene mwana wa mchona adakodwa mumsampha wa malamulo a maiko aŵiri. Tiyerekeze mlonda wa pa chipata cha fakitale ku Kelvin, wobadwira ku Sizinda, bambo wake wa ku Dedza. Ofesi ya kazembe wa Malaŵi iri ku Harare, mtunda wa makilomita pafupifupi 440, ndipo ulendowo ukadadya malipiro ake ndi masiku a ntchito. Akafika kumeneko ankayenera kuonetsa poyamba kuti ndi nzika ya Malaŵi, pakuti munthu sakana chimene alibe. Komatu lamulo la unzika la Malaŵi la 1966 linkati wokhala ndi unzika wa maiko aŵiri akakwanitsa zaka 21 asankhepo umodzi pasanathe chaka, ndipo akapanda kutero unzika wa Malaŵi umatha wokha. Motero kwa Malaŵi munthuyu adali Mzimbabwe, ndipo kwa Zimbabwe adali Mmalaŵi. Pa chitupa chake padalembedwa mau a Chingerezi oti ALIEN, kutanthauza wakunja, ndipo dzina lake lidachoka m'kaundula wa oponya voti.

Kukula kwa msamphawo kudaonekera bwino pa banja lina lodziŵika la mu Bulawayo momwemo. Garfield Todd, mmishonale wobadwira ku New Zealand, adali nduna yaikulu ya Southern Rhodesia kuyambira 1953 mpaka 1958, adachotsedwa ndi anzake chifukwa chofuna kuonjezera oponya voti akuda, ndipo Smith adamtsekera pa famu yake zaka zingapo. Mu 2002, ali ndi zaka 93, adauzidwa kuti salinso nzika ndipo sangaponye voti; adamwalira mu Okutobala chaka chomwecho. Mwana wake Judith Todd, wobadwira m'dzikomo, adapambana mlandu wake ku bwalo lalikulu, koma mu 2003 bwalo la apilo lidagamula kuti akane unzika wa New Zealand umene iye sadaupemphepo, ndipo lidampatsa masiku aŵiri. Ameneyu adali ndi maloya, ndipo nkhani yake idalembedwa m'nyuzi za maiko ambiri. Za mlonda wa ku Kelvin palibe nyuzi idalemba.

Chisankho chitapita, boma lidafeŵetsako lamulo. Kusintha kwa 2003 kudalola obadwira m'Zimbabwe, amene makolo ao adachokera m'maiko a SADC pofika pa 18 Epulo 1980 kudzagwira ntchito za m'mafamu, m'migodi, m'nyumba ndi zina zamanja, kuti atsimikize unzika ao pongosaina chikalata. Ambiri sadathandizike, pakuti adafunsidwa zikalata za makolo amene adamwalira kale. Ndipo mu 2005 kusintha kwa nambala 17 kwa malamulo aakulu kudatseka chitseko chija chidatsala, kuchotsa voti ya okhazikika amene sali nzika.

Chaka chomwecho, kuyambira mwezi wa Meyi, apolisi adagwetsa nyumba ndi misika m'mizinda yonse pa ntchito yotchedwa Murambatsvina. Nthumwi ya bungwe la United Nations, mai Anna Tibaijuka a ku Tanzania, idaŵerengera kuti anthu pafupifupi 700,000 adataya pogona kapena popezera chakudya. Ku Bulawayo ogwetseredwa nyumba ku Killarney ndi ku Ngozi Mine adasungidwa m'matchalitchi kufikira mu Julayi, pamene apolisi adadzaŵatulutsamo. Lamulo kwa onse lidali loti abwerere kumudzi. Mndebele adakwera lole kupita ku Tsholotsho kapena ku Nkayi, ngakhale monyinyirika. Mdzukulu wa mchona adafunsidwa dzina la mudzi wake, ndipo mudzi umene ankaudziŵa udali komboni ya njanji.

Kubwezedwa m'kaundula

Chisankho chamagazi cha 2008 chidabala boma la mgwirizano, ndipo boma limenelo lidalemba malamulo aakulu atsopano amene anthu adaŵavomereza pa 16 Malichi 2013. Ndime 43 ya malamulowo ikunena kuti aliyense wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe pa 22 Meyi 2013, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye adali wokhazikika m'dzikomo pa tsikulo, ndi nzika chibadwire. Bwalo la malamulo aakulu lidagamulanso mu Juni, pa mlandu wa wamalonda Mutumwa Mawere, kuti nzika chibadwire siingalandidwe unzika chifukwa chokhala ndi wa dziko lina. Pa pepala nkhani ya zaka 110 idathera pamenepo. Koma chisankho chidaikidwa pa 31 Julayi, kalembera adatsekedwa kumayambiriro kwa mwezi womwewo, ndipo wa chitupa cha ALIEN ankayenera kuyamba wasinthitsa chitupacho asanakaime pa mzere wachiŵiri wolembetsa voti. Ambiri nthaŵi idaŵathera ali pa mzere woyamba.

Mu Novembala 2017, mwezi womwe Mugabe adatula pansi udindo, bwalo lalikulu ku Harare lidalamula kuti a zitupa zotere alembedwe m'kaundula watsopano wa oponya voti, malinga aonetse chikalata cha kubadwa ndi umboni wa kumene akukhala. Chigamulocho chidathandiza ambiri pa chisankho cha 2018, chaka chimene Mudede adapuma pa ntchito. Koma chikalata cha kubadwa ndicho chimene chidasoŵa chiyambire. Mwana wobadwira m'komboni m'masiku a atsamunda kaŵirikaŵiri sankalembedwa, mai wopanda chitupa sangalembetse mwana wake, ndipo mwanayo akakula amavutika kulemba mayeso a boma, kupeza ntchito yolembedwa, ngakhale kulembetsa ana akenso. Lipoti la Amnesty International la mu Epulo 2021 lidatchula chiŵerengero cha bungwe la UNHCR choti anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe adali pa chiopsezo chokhala opanda dziko, makamaka a makolo ochokera kunja ndi ana a ophedwa ku Matabeleland. Pa nthaŵi ya lipotilo lamulo la unzika la 1984 lidali lisanakonzedwe kuti ligwirizane ndi malamulo aakulu a 2013. Kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2022 boma lidatuma alembi kuyendayenda m'madera kupereka zikalata za kubadwa ndi zitupa, chisankho cha 2023 chisanafike.

Ku Malaŵi nako Nyumba ya Malamulo idavomereza mu Disembala 2018 kuti munthu akhale nzika ya maiko aŵiri, patapita zaka 52 chiletsocho chiri m'mabuku. Mdzukulu wa mchona wofuna kugwiritsa ntchito mwai umenewu amakumananso ndi kaundula, pakuti zikalata za kalembera wa Malaŵi zimafunsa boma, mfumu yaikulu ndi mudzi kumene makolo adachokera. Mabanja amene adasunga chitupa chakale cha agogo, kalata yosamutsira Mkhristu kuchokera ku mpingo wa kwao, kapena buku la bungwe la maliro, amapezamo maina amenewo. Ena adangotsala ndi mfunda ndi dzina la boma, Dedza, Ntcheu kapena Nkhata Bay, ndipo amene ankadziŵa dzina la mudzi adaikidwa kale m'manda a Bulawayo.